Lesitilanti ndi Vidiyo Sho ya Pabanja: Zimene Zimagwetsa Bizinesi pa Ulongwe ndi Mmene Mungazipewere

Kabuku kano ndi ka mabanja a pa Ulongwe ndi midzi ya kwa Kalembo amene amadyera mphika wa malonda: a lesitilanti, a tiyi rumu, a chiwaya, komanso amene kuseri kwa malo odyera adamangako chipinda cha vidiyo sho, nkuikanso tebulo la pool kapena bawo pakhonde. Ena muli ndi malo amodzi. Ena mudafika pa awiri kapena atatu: amayi pa Ulongwe, mwana wachisamba ku Liwonde, alamu ku Mangochi, koma dzina ndi limodzi, mpamba ndi umodzinso.

Chilala, kolera, kugwa kwa kwacha ndi kuzima kwa magetsi zidabwera kale, ndipo zidzabweranso. Palibe banja lingaziletse. Komabe taonani kuti vuto lomwelo likafika pa msika, malo ena amatseka pomwe oyandikana nawo amatsala akupika. Kusiyana kwake nthawi zambiri kumakhala m'thumba. Banja limene ndalama za lesitilanti, za vidiyo sho ndi za pakhomo zimalowa m'chitini chimodzi silidziwa kuti likudyedwa ndi chiyani, ndipo tsoka likagogoda limapeza chitinicho chili mbee. Zonse zalembedwa muno zikuzungulira pa mfundo imeneyi.

Makasitomala anu ndani, ndipo ndalama amazipeza liti?

Ulongwe ali pa msewu wa M3, pakati pa Liwonde ndi Mangochi. Odya anu ambiri ndi anthu a pamsewu: madalaivala ndi makondakitala a minibasi, a kabaza, ochita geni ya nsomba ochokera ku Malombe, mavenda a tsiku la msika, ndi apo ndi apo alendo okhotera njira ya fumbi yopita ku Shire kukaona nyama ku Liwonde National Park. Msewu utakonzedwa tonse tidakondwa, koma msewu wosalala uli ndi mbali yake ina: galimoto imene kale inkaima kuti anthu apume, lero imangodutsa liwiro, anthu nkukadyera ku Mangochi. Mwini galimoto yopita kunyanja musamuwerengere. Werengerani wa minibasi amene amaima tsiku ndi tsiku, ndipo mudziwe nthawi imene amafika ndi njala.

Gulu lina ndi alimi. Mlimi wa kuno amagwira ndalama akagulitsa thonje, nandolo kapena chimanga, ndiye kuyambira Meyi mpaka Sepitembala mbale zimayenda. Kuyambira Disembala mpaka Malichi munthu yemweyo amangogula tiyi ndi mandasi awiri, kapena osabwera n'komwe. Balaka ndi boma la mvula yochepa, ndipo chaka chikavuta zinthu zimaipiratu. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 muli ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Mu 2017 mvula sidali vuto, koma dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo nkugweratu, alimi a ku Balaka ndi Machinga nkutsala ndi matumba m'nyumba. Zikatere lesitilanti imamva kuwawa kawiri: chimanga chakwera, wodya alibe ndalama.

Palinso mwezi wa Ramadan. Dera lino Asilamu ndi ambiri, ndiye masana a mwezi umenewu mipando imakhala yopanda anthu. Mwezi umenewu sukhala pamodzi, chaka chilichonse umafulumira ndi masiku pafupifupi 11, choncho funsani kumzikiti chaka chikamayamba. Ochenjera amachepetsa nsima ya masana nkuphika za madzulo: phala, futali, tiyi, mpunga, zokonzeka dzuwa lisanalowe. Ndipo pa nkhani ya nyama musachite masewera. Mbuzi ndi nkhuku zizizingidwa ndi Msilamu wodziwika kwa anthu, ndipo nkhumba isayandikire khitchini yanu. Mphekesera imodzi yoti pamalo paja nyama yake njokayikitsa ingakuchotsereni theka la makasitomala, ndipo oterewa kubwerera n'kovuta.

Chochita n'chakuti miyezi ya zokolola muzipatula ndalama yoti idzalipire lendi ndi antchito m'miyezi ya njala. Imeneyo si phindu loti mugulire sofa. Ndi chakudya cha bizinesi cha mu Febuluwale.

Mphika wa malonda si mphika wa pakhomo

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo tikhalitsapo.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, inu muikepo mitengo ya lero. Mwaphika mbale 40 za nsima ndi mpunga, iliyonse ya K3,000. Zikagulidwa zonse mupeza K120,000. Ufa, mpunga, ndiwo, mafuta, tomato, mchere ndi makala zadya K85,000. Lendi, malipiro a mtsikana wotsuka mbale, madzi ndi tikiti ya msika, mukazigawa pa tsiku, ndi K15,000. Phindu lanu ndi K20,000.

Tsono onani mmene tsikulo limayendera. Cha m'ma 11 koloko afika amalume kuchokera kumudzi, panjinga, thukuta lili kamukamu. Simungawaonerere. Masana abwera ana awiri kuchokera kusukulu. Kenaka mlamu wanu ndi mnzake. Madzulo wa kabaza wodziwana naye akuti, "Mayi, mundilembe, ndikupatsani Loweruka." Mbale 6 zapita popanda tambala. Ndi K18,000 imeneyo. Phindu la K20,000 latsala K2,000, koma inu mwaima pamoto kuyambira mbandakucha. Mawa lake mukapita kokaoda ndalama sikukwana, mukudabwa, mwinanso kuyamba kuganizira mtsikana wantchito kuti akuba, kapena kuti wina wakuchitani chitaka. Chonsecho palibe waba. Bizinesi yadyedwa ndi eni ake, mbale imodziimodzi, mwachikondi.

Sitikunena kuti muzimana abale. Kwathu kuno munthu womana mlendo nsima sakhala ndi ulemu, ndipo n'zoyenera kutero. Tikunena kuti mbale iliyonse yotuluka mu mphika wa malonda ikhale ndi woilipira. Amalume akadya, inuyo eni ake tulutsani K3,000 m'thumba la pakhomo muike m'chitini cha lesitilanti. Poyamba zimaoneka ngati zachibwana, munthu kudzilipira wekha, koma mukatero mwezi umodzi mudzaona ndi maso anu kuti kuchereza alendo kukukutayitsani zingati, ndipo mudzasankha nokha malire. Njira ina yabwino ndi kukhala ndi kamphika kapadera ka banja, kophikidwa ndi ufa wa pakhomo, kuti ana ndi alendo azidya m'menemo.

Mawu oyankhira alipo, ndipo sachotsa ulemu. Mungathe kunena kuti, "Amalume, takulandirani, khalani pansi. Izi ndi za malonda, zawerengedwa kale, koma tiyeni kuseri kuli nsima yathu." Kwa wofuna ngongole: "Achimwene, pepani, buku ladzaza. Mukabweza ya sabata yatha ija titsegula tsamba lina." Wamkulu wanzeru sakwiya nazo. Wokwiya ndi amene sadali ndi maganizo obweza.

Ngongole ya chakudya ndi yovuta kuitsata chifukwa chodyedwa sichilandidwa. Ngati simungathe kuikaniratu, ikani malamulo atatu ndipo onse ogulitsa awadziwe: wokongola akhale munthu wodziwika kumene amagona, ngongole isapitirire mbale zitatu, ndipo alembe yekha dzina kapena kusayina m'buku. Aphunzitsi ndi ena olandira pa mwezi mungapangane nawo za pamwezi, koma tsiku lolipira likhale lolembedwa.

Kope la sukulu limodzi ndi lokwanira. Tsamba lililonse likhale tsiku limodzi: kumanzere zogula, kumanja zogulitsa, pansi mbale zodyedwa ndi a pakhomo ndi za ngongole. Werengani nyama musanaphike. Ngati nkhuku imodzi mumaidula nthuli 8, ndipo mwapha zitatu, madzulo payenera kuoneka ndalama ya nthuli 24 kapena nthuli zotsala mumphika. Kuwerenga kotere kumateteza ngakhale wantchito wokhulupirika, chifukwa sanamiziridwa.

Inu eni ake dziikireni malipiro, a pa sabata kapena a pa mwezi, ndipo fizi, sopo, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi chipepeso cha pamaliro zizichokera pamenepo. Vidiyo sho ikhale ndi kope lake ndi chitini chake. Ngati mumalandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala ya bizinesi ikhale yosiyana ndi imene mumagulira mayunitsi ndi kutumizira abale. Ndipo chenjerani ndi uthenga wabodza wonena kuti ndalama yalowa: yang'anani balansi yanu kasitomala asanadzuke pampando.

Mitengo ikamathamanga

Mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Mafuta ophikira, ufa wa tirigu, shuga ndi zakumwa zidakwera motsatana, ndipo mafuta a galimoto akasowa, mtengo wa thiransipoti umakweza chilichonse mpaka tomato.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuwerengera mtengo wa mbale potengera mmene adagulira katundu. Mudagula chigubu cha mafuta pa mtengo wakale, mwagulitsa tchipisi pa mtengo wakale, mukuona ngati mwapindula. Pobwerera ku golosale chigubu chakwera, ndalama yonse pamodzi ndi phindu lija sikukwana chigubu china. Mpamba wachepa inu osadziwa. Mtengo wa mbale uzitsata mtengo umene mukagulire katundu mawa.

Kukweza mtengo kumaopsa, poti woyandikana nanu sadakweze. Koma kuchepetsa ndiwo mwakachetechete n'koipa kuposa, chifukwa dalaivala amene amadya panu tsiku lililonse amaidziwa nthuli yake. Muuzeni zoona, ndipo mupatseni posankha: mbale yathunthu, theka, kapena ya nyemba ndi masamba. Nyemba, khobwe, therere ndi chisoso sizidikira dola. Nsomba nazo musadalire mtundu umodzi. Akuluakulu akukumbuka mmene chambo chinkachulukira m'nyanja ya Malombe chisanathe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Lero asodzi amakola kwambiri kambuzi, ndipo nyengo yotseka nyanja ikafika nsomba zaziwisi zimasowa. Amene amagula nsomba zogwidwa mozemba nthawi imeneyo akuika mpamba wake pangozi yolandidwa, komanso akuthandiza kupha nyanja imene imamudyetsa.

Chimanga gulani nthawi yokolola, chiume bwino, muthire mankhwala oteteza ku anankafumbwe kapena musunge m'matumba a PICS. Matumba amenewo alembedwe kuti ndi a lesitilanti, ndipo a pakhomo akatapamo alipire. Makala nawo ndi nkhani: lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo makala opanda chilolezo angathe kulandidwa panjira, wonyamula nkulipitsidwa chindapusa. Chitetezo mbaula kapena chitofu cha njerwa chosawononga nkhuni chimachepetsa ndalama ya moto, ndipo zinyatsi za nandolo ndi zitsononkho zimayaka bwino.

Kolera ndi dzina la malo anu

Mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino udayambira pafupi ndi kwathu kuno. Wodwala woyamba adapezeka m'boma la Machinga mu Malichi 2022, mvula ya namondwe Ana itawononga zimbudzi ndi zitsime. Pofika pakati pa 2023 anthu oposa 58,000 adali atadwala, oposa 1,700 atamwalira, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Nthawi ngati imeneyo a zaumoyo amayamba ndi malo ogulitsa zakudya zophikaphika, ndipo ali ndi mphamvu yotseka. Ngakhale asatseke, anthu akangomva kuti uje adadwala atadya pamalo panu, mwatha.

Yambani ndi posambira m'manja. Beseni limodzi loti aliyense aviikemo manja, madzi nkusanduka oderako, ndiyo njira yachidule yopatsirana matenda. Ikani ndowa ya mpopi kapena mpondagiya pakhomo, sopo ali pomwepo, kapena wina azithirira makasitomala ndi jagi, madzi akugwera m'beseni lotayira. Madzi akumwa, ngakhale a pamjigo, athiridwe klorini monga akulangizirani alangizi a zaumoyo, mudikire mphindi 30 musanamwe, ndipo asungidwe m'chigubu chotseka. Kapu yomwera isamaviikidwe mumtsuko.

Chakudya chiperekedwe cha moto. Mpunga wotsala dzulo umene wagona mumphika kunja kukutentha ngati mmene kumatenthera mu Okutobala kuno, musauphatikize ndi wa lero. Kutaya mbale zitatu n'kopweteka, koma n'chifukwa chake tikuti muziwerenga: kope likakuuzani kuti Lachiwiri mumagulitsa mbale 25, musaphike 40. Kabichi ndi tomato wa pa tchipisi atsukidwe ndi madzi a klorini, ndipo mliri ukabuka siyani kaye saladi. Mbale ziume pa thandala, osati kupukutidwa ndi kansalu kamodzi kamene kapukutanso tebulo. Chimbudzi chikhale ndi chivundikiro, dzala likhale kutali ndi khitchini.

Wophika akatsegula m'mimba apite kuchipatala, asagwire chakudya, ndipo tsiku limenelo musamudule malipiro. Mukamudula, ulendo wina adzabisa matenda nkubwera kudzaphika. Onse ogwira chakudya akayezetse kuchipatala ndi kusunga zikalata zake pamalo pomwepo.

Chipinda chakuseri: magetsi, mpira ndi ana

Vidiyo sho imaoneka ngati ndalama yophweka. Wagula sikirini, dikoda ndi mabenchi, basi uzingotolera pakhomo. Koma zonse zimene bizinesi imeneyi yatsamira zili m'manja mwa ena.

Magetsi ndi a ESCOM. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kudapitirira mpaka 2023. Magetsi akazima mpira uli mkati, anyamata amafuna ndalama zawo, ndipo sabata yamawa amapita kwa amene ali ndi jenereta. Jenereta nayo imafuna petulo, amene amasowa. Sola ndi batire n'zodula pogula, koma kwa sikirini imodzi, dikoda ndi mababu, m'dera la dzuwa ngati lino, zimabweza ndalama. Gulaninso kachipangizo koteteza zamagetsi, poti magetsi akamabwerera ndi mphamvu amapsereza sikirini ndi fuliji. Ndipo petulo wa jenereta asagone chipinda chimodzi ndi mbaula. Chipinda chodzaza anthu, chamdima, cha khomo limodzi lotsekedwa ndi chinsalu, moto ukabuka chimasanduka msampha. Boolani khomo lachiwiri ndi mazenera, muike ndowa ya mchenga pafupi.

Mpira nawo ndi wa eni ake. Ligi ya ku England imayamba mu Ogasiti nkutha mu Meyi, ndiye Juni ndi Julayi, miyezi imene alimi ali ndi ndalama, sikirini imakhala ilibe Arsenal kapena Manchester United, ndipo oonera amachepa pokhapokha chikhale chaka cha mpikisano waukulu. Mu Ogasiti 2023 kampani ya MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi itasemphana ndi bungwe la MACRA pa nkhani ya mitengo. Idabwereranso pambuyo pake, koma amene adatenga ngongole podalira mpira wokha adagona osatseka maso. Onjezani apo mafoni: mnyamata amene kale ankalipira kuti aonere filimu yomasuliridwa m'Chichewa, lero ali nayo pa memori khadi. Chimene foni singapereke ndi chisangalalo choonera pagulu, kukuwa limodzi Bullets ikamakumana ndi Wanderers, tiyi ndi kanyenya zili pambali. Gulitsani chimenecho. Patsiku la masewera aakulu khitchini ikonzekere, chifukwa kawirikawiri ndalama ya chakudya imaposa ya pakhomo.

Za ana tinene mosabisa. Ndalama ya mwana wothawa kusukulu musailandire. Kuonetsa mafilimu olaula kapena kulola ana a yunifomu nthawi ya maphunziro kumakudanitsani ndi makolo, komiti ya sukulu ndi mafumu, ndipo amenewa akadzuka malo amatsekedwa, lesitilanti nkuvulalira limodzi poti dzina ndi lomwelo. Koma ngakhale pakadapanda wotseka, mwanayo ndi wa mnansi wanu. Makina a juga nawo amafuna chilolezo cha boma ndipo saloledwa kwa osakwana zaka 18. Pa tebulo la pool, kubetcherana ndi kumene kumayambitsa ndewu. Ngati mukufuna kuti amayi ndi ana azidya panu momasuka, mowa ukhale kutali.

Ziphaso

Chiyambire 1998, pamene Balaka idapatulidwa ku Machinga, za ziphaso za bizinesi ya pa Ulongwe zimayendetsedwa ndi khonsolo ya Balaka. Malo a ku Liwonde kapena ku Mangochi ali pansi pa makhonsolo ena, ndiye chiphaso cha malo amodzi sichiphimba enawo. Woonetsa mafilimu amafunika chilolezo cha Censorship Board, ndipo woimba nyimbo kapena kuonetsa mafilimu pagulu pochita malonda amalipira ku COSOMA, bungwe loteteza aluso. Mapepala apulasitiki opyapyala, osakwana mamaikuloni 60, ndi oletsedwa. Mwana wosakwana zaka 14 salembedwa ntchito, ngakhale akhale wa mchemwali wanu. Pitani mukafunse nokha ku maofesi amenewa asanakupezeni, ndipo chilichonse mwalipira mulandire lisiti. Ndalama ya ziphaso muziisonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi.

Malo achiwiri

Malo oyamba akayamba kuyenda, mtima umathamangira kutsegula ena. Akulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Malo achiwiri amabwera ndi lendi yachiwiri, ziphaso zachiwiri, ndi khitchini imene inu simukuiona. Anthu amadya pa Ulongwe chifukwa cha dzanja la amayi pa ndiwo, ndipo dzanja limenelo silingakhale ku Liwonde nthawi yomweyo. Mbale ikaipa uko, mbiri imakwera minibasi nkufika kuno tsiku lomwelo.

Kukula si chitetezo. Ku America kuli kampani ya Chuck E. Cheese, ya malo odyera mabanja okhala ndi masewera a ana, yomwe idali ndi malo oposa 600. Covid-19 itatseka zitseko, mu Juni 2020 kampaniyo idathawira kukhoti kukapempha chitetezo kwa oikongoza, ili ndi ngongole ya pafupifupi madola 1 biliyoni. Makasitomala adasiya kubwera, koma lendi ndi chiwongoladzanja sizidasiye. Kwathu kuno tidaona masitolo a PTC, amene adali pafupifupi m'tauni iliyonse, akutsekedwa atalemedwa ndi ngongole. Ngati zimphona zotere zimagwa ndi ngongole, banja la mpamba wa thonje lisamale kwambiri.

Musanatsegule malo ena dzifunseni izi. Kodi malo oyamba angathe kulipira lendi ndi antchito miyezi itatu popanda kugulitsa bwino? Kodi kope lawo lakhala likuonetsa phindu chaka chathunthu, kuphatikizapo miyezi ya njala ndi ya Ramadan? Kodi amene akayendetse malo atsopano wagwirapo ntchito pansi panu nthawi yokwanira, ndipo amadziwa kulemba kope? Ngati yankho limodzi ndi ayi, dikirani.

Mukatsegula, malo aliwonse akhale ndi thumba lake. Malo akale angathe kubwereka atsopano ndalama, koma ilembedwe ngati ngongole, ndipo mugwirizane pasadakhale kuti mukathandiza mpaka pati. Mabanja ambiri amataya malo abwino chifukwa chochita manyazi kutseka malo odwala, mwezi ndi mwezi nkumatapa kuno kukathira uko, mpaka onse awiri kuuma. Kutseka nthambi imodzi mbale ndi mapoto zikadali zanu si chitonzo.

Ngongole ya katapila isalowe m'bizinesi ya chakudya. Phindu la mbale ndi laling'ono, silingapikisane ndi chiwongoladzanja cha katapila. Ya banki mkhonde njabwino pogula chinthu chobweza msanga, monga matumba a mpunga nthawi yokolola, koma si yolipirira lendi kapena kubweza ngongole ina. Ya ku mabungwe obwereketsa ndalama kapena ku banki, werengani kuti pa mwezi muzibweza zingati, mugawe ndi phindu la mbale imodzi, muone kuti ndi mbale zingati zimene muziphikira ngongole yokha. Ndipo nyumba yogona kapena munda musaziike chikole.

Mwini ali ku Joni, malo ali kwa apongozi

Mabizinesi ambiri m'dera lino adayamba ndi ndalama ya ku Joni. Mnyamata akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Durban, akutumiza pa Mukuru, watumizanso sikirini ndi masipika pa basi, ndipo akuyendetsa ndi mng'ono wake kapena mkazi wake. Mkangano wake umadziwika: wakunja akuti ndatumiza zambiri koma sindikuona kanthu, wakumudzi akuti ndikugwira ntchito usana ndi usiku popanda malipiro. Onse awiri akunena zoona. Mankhwala ake ndi kupangana poyamba: woyendetsa alandira zingati, phindu ligawidwa bwanji, ndalama yotumizidwa ndi iti ya bizinesi ndi iti ya pakhomo. Lamlungu lililonse woyendetsa ajambule masamba a kope atumize pa WhatsApp. Amene akukana kujambula kope wakuuzani kale kanthu.

Nkhani ya malo njofunika kuikambirana mitima ili pansi. Kuno ambiri timatsata chikamwini. Bambo akamanga lesitilanti ya njerwa zootcha pa malo a kwa mkazi wake, banja likadzatha kapena mmodzi akadzamwalira, nyumbayo ndi ya yani? Nanga fuliji ndi jenereta? Khalani pansi ndi ankhoswe a mbali zonse ndi mwini mbumba, mulembe zimene mwagwirizana, amfumu aikepo chidindo. Ngati malowo ndi a lendi, pangano ndi eni nyumba likhale lolembedwa, lonena kuti lendi ingakwere liti, ndiponso kuti zimene mwakonza nokha, monga simenti ndi mawaya a magetsi, zidzawerengedwa bwanji. Popanda pepala, mwini nyumba akaona kuti malonda akuyenda angathe kukutulutsani nkutsegula yake pa makasitomala anu omwe.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Komabe milandu imatenga nthawi, ndipo lesitilanti yotsekedwa miyezi iwiri podikira chigamulo imapeza makasitomala atazolowera kwina. Lembani wilo, mutchule amene adzapitirize bizinesi, mboni ziwiri zisayine. Kuyambira lero pakhale munthu wachiwiri m'banjamo wodziwa kumene mumaoda katundu, amene muli nawo ngongole ndi amene ali ndi ngongole kwa inu, kumene kuli ziphaso, ndi mmene mumathirira zokometsera mu ndiwo. Muziphika naye limodzi kawiri pa sabata, ndipo tsiku lina mumusiyire khitchini ndi kope kuyambira m'mawa mpaka kutseka, inu mudzangowerenga naye madzulo.